Kodi ndalama zimene amadula pa malipiro zimasungidwa, kapena zimalipira anthu ena?

Kalaliki: Akuluakulu a pa gulu lino, ndili ndi funso limene ndikufuna mundithandize kulimvetsa. M'mayiko ambiri munthu wolembedwa ntchito amadulidwa gawo la malipiro ake mwezi ndi mwezi, womulemba ntchito nayenso amawonjezerapo lake, ndipo zonsezo zimapita ku thumba la dziko lonse limene amati lidzamusamala akadzakalamba, akadzadwala kapena akadzavulala. Kodi ndalamazo zimasungidwa penapake m'dzina la munthuyo mpaka tsiku lopuma pa ntchito, kapena zimagwiritsidwa ntchito nthawi yomweyo? Ngati zimagwiritsidwa ntchito, n'chiyani chingamutsimikizire munthu wa zaka 25 kuti pakadzatha zaka 40 adzapezapo kanthu?

Wowerengera Ndalama: A Kalaliki, yankho limadalira ndondomeko imene dziko linasankha, koma m'ndondomeko yofala kwambiri, ya inshuwalansi ya dziko lonse, ndalama zanu sizisungidwa m'dzina lanu ayi. Zimene mwapereka mwezi uno zimalipira amene anapuma kale, amasiye a ogwira ntchito amene anamwalira, ndi amene analumala, ndipo zotsala, ngati zilipo, ndizo zimaikidwa pambali kuti zidzathandize m'zaka zovuta. Chimene chimasungidwa m'dzina lanu ndi mbiri ya zopereka zanu, kutanthauza miyezi imene mwapereka ndi malipiro amene munkalandira pa miyeziyo, ndipo lamulo ndi limene limasandutsa mbiriyo kukhala ufulu wolandira penshoni.

Ku United States, mwachitsanzo, wogwira ntchito amapereka 6.2 peresenti ya malipiro ake, womulemba ntchito amaperekanso 6.2 peresenti, ndipo munthu amayenera kupereka kwa zaka pafupifupi 10 kuti akhale woyenera penshoni ya ukalamba. Powerengera kuchuluka kwake amatenga zaka 35 zimene analandira malipiro apamwamba, ndipo kawerengedweko kanakonzedwa mwadala kuti wolandira malipiro ochepa abwezeredwe gawo lalikulu la malipiro ake kusiyana ndi wolandira zambiri. Ku Germany zopereka za penshoni ndi 18.6 peresenti, ndipo wolemba ndi wolembedwa amagawana pakati.

Mphunzitsi Wopuma: Pali nkhani yodziwika imene imaonetsa bwino zimene a Wowerengera Ndalama akunenazi. Lamulo la Social Security, limene linakhazikitsa inshuwalansi ya dziko lonse ku United States, analisainira Pulezidenti Franklin Roosevelt mu 1935, ndipo munthu woyamba kulandira cheke cha penshoni ya mwezi ndi mwezi anali mayi Ida May Fuller, mu Januwale 1940. Mayiyu anali atapereka madola 24.75 okha pa zaka zitatu, cheke chawo choyamba chinali cha madola 22.54, ndipo popeza anakhala ndi moyo mpaka zaka 100, analandira madola oposa 22,000. Palibe akaunti ya kubanki imene ikanabereka chonchi. Ndalama zimene ankalandirazo zinkachokera kwa anthu amene ankagwira ntchito m'zaka zimenezo, ndipo m'badwo woyamba wa ndondomeko yotere nthawi zonse umalandira zambiri kuposa zimene unapereka.

Telala: Bambo Mphunzitsi, mundikhululukire, koma nkhani yanuyi ikundiwonjezera chikaiko. Magulu achinyengo aja amene amalonjeza phindu lalikulu amachitanso chimodzimodzi, amalipira olowa kale ndi ndalama za olowa kumene, mpaka tsiku limene olowa atsopano atha ndipo otsala onse amalira. Kusiyana kwake kuli pati, kupatula kuti apa mwini wake ndi boma?

Wowerengera Ndalama: Funso lanu ndi loyenera a Telala, ndipo akatswiri ena a zachuma analifunsapo kale. Gulu lachinyengo limagwa chifukwa limalonjeza phindu limene lingatheke pokhapokha chiwerengero cha olowa chitamawirikiza nthawi zonse, komanso limabisa kumene ndalama zikuchokera. Inshuwalansi ya dziko siifuna kuti olowa aziwirikiza. Imangofuna kuti chiwerengero cha opereka poyerekeza ndi olandira chisatsike mofulumira kuposa mmene malipiro akukwerera, ndipo olowa atsopano satha chifukwa lamulo limakakamiza aliyense woyamba ntchito kuti alowe. Komanso malonjezo ake angathe kusinthidwa poyera kudzera m'nyumba ya malamulo pamene masamu asonyeza kuti zinthu sizikuyenda.

Koma sindikufuna kukubisirani kuti vutolo lilipo, ndipo ndi lalikulu. Mu 1960 ku United States panali ogwira ntchito pafupifupi 5 pa wolandira mmodzi aliyense, pamene lero safika atatu. Anthu akubereka ana ochepa ndipo akukhala ndi moyo nthawi yaitali, zimene ndi zabwino, koma thumba limazimva. Zikatero dziko limayenera kukweza zopereka, kapena kuchedwetsa kakwezedwe ka penshoni, kapena kukweza zaka zopumira, kapena kuthirapo ndalama za msonkho, ndipo chilichonse mwa izi chili ndi amene chimawapweteka. Germany inasankha kukweza zaka zopumira pang'onopang'ono kuchoka pa 65 kufika pa 67, ndipo imathiranso ndalama zambiri za msonkho m'thumbalo chaka ndi chaka. Ku France lamulo la 2023 lokweza zaka kuchoka pa 62 kufika pa 64 linatulutsa anthu ochuluka m'misewu kwa miyezi ingapo. Sweden m'zaka za m'ma 1990 inachita zanzeru pokonza kuti kuchuluka kwa penshoni kuzitsatira zaka zimene m'badwo wopumawo ukuyembekezeka kukhala ndi moyo, ndiponso kuti thumba likapelewera kakwezedwe ka penshoni kazitsika kokha popanda kudikira andale kuti agwirizane.

Namwino: Ndikuona kuti tonse tikulankhula za ukalamba wokha ngati kuti ndondomekoyi ndi ya okalamba basi. Ife ogwira ntchito m'zipatala timaona mbali ina. Munthu wa zaka 30 amene makina amudula dzanja sanasunge zokwanira ngakhale akanakhala wosamala chotani, ndipo mayi amene wangobereka kumene sangagwire ntchito kwa masabata angapo ngakhale ali wathanzi. Tanthauzo la inshuwalansi lili pamenepa, kuti anthu ambiri apereke pang'onopang'ono kuti ochepa amene tsoka lawagwera asagwe nalo okha. Amene wagwira ntchito zaka 40 osavulala sanataye ndalama zake, anagula chitetezo chimene mwamwayi sanachifune.

Mphunzitsi Wopuma: Mayi Namwino akunena zoona, ndipo mbiri ikugwirizana nawo. Pamene Otto von Bismarck, mtsogoleri wa boma la Germany pa nthawiyo, anayambitsa inshuwalansi yokakamiza m'dzikolo sanayambe ndi ukalamba. Anayamba ndi matenda mu 1883, pamene ogwira ntchito ankapereka magawo awiri mwa atatu ndipo olemba ntchito gawo limodzi, kenaka ngozi za pa ntchito mu 1884, zimene olemba ntchito ankalipira okha, ndipo lamulo la ukalamba ndi ulumali linabwera mu 1889. Zaka zolandirira penshoni ya ukalamba zinali 70, pa nthawi imene ogwira ntchito ambiri sankafika msinkhu umenewo, kotero kuti ambiri amene ankapindula anali olumala. Zakazo zinatsitsidwa kufika pa 65 mu 1916. Ndionjezerepo kuti Bismarck sanachite izi chifukwa cha chifundo chokha. Ankafuna kuti ogwira ntchito m'mafakitale asakopeke ndi chipani cha sosholizimu chimene iye ankalimbana nacho, ndipo munthu woyembekezera penshoni kuchokera ku boma safulumira kuligwetsa bomalo.

Wophunzira Zamalamulo: Ngati mungandilole kuwonjezera mbali ya malamulo. Chikalata cha ufulu wa anthu cha United Nations cha 1948 chimanena mu ndime 22 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wotetezedwa motere, koma chimene chinafotokoza mwatsatanetsatane ndi pangano nambala 102 la mu 1952 la ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito. Panganoli limatchula nthambi zisanu ndi zinayi: chithandizo cha kuchipatala, malipiro a nthawi yodwala, ulova, ukalamba, kuvulala pa ntchito, chithandizo cha mabanja a ana, uchembere, ulumali, ndi chithandizo cha amasiye. Dziko lovomereza panganoli silikakamizidwa kutenga zonse nthawi imodzi, lingathe kuyamba ndi zitatu. Pa ukalamba, muyeso wake ndi wakuti munthu amene wapereka kwa zaka 30 alandire zosachepera 40 peresenti ya malipiro ake akale, ndipo ndalamazo zizibwera nthawi ndi nthawi mpaka imfa. Mfundo yomalizayi ndi yofunika, chifukwa ndondomeko yopereka ndalama zonse kamodzi siikwaniritsa muyesowu.

Telala: Pamenepo ndi pamene ine ndikutsutsana ndi panganolo, achemwali. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Bwanji osangomupatsa munthu ndalama zake zonse pamodzi ndi chiwongoladzanja chake tsiku limene wapuma, kuti aone yekha chochita nazo? Munthu wamkulu amene walera ana sangalephere kusamala chuma chake.

Mphunzitsi Wopuma: Zimene mukunenazo a Telala zinayesedwa kale, ndipo zinayesedwa kwa nthawi yaitali. Mayiko angapo amene ankalamulidwa ndi Britain anakhazikitsa matumba osungira ndalama m'dzina la munthu aliyense, olipira kamodzi tsiku lopuma. Nigeria inayamba mu 1961, Ghana ndi Kenya mu 1965, Zambia mu 1966. Chimene chinawononga ambiri mwa matumbawa ndi kukwera mitengo kwa zinthu m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Ndalama zinkabwerekedwa ku boma pa chiwongoladzanja chochepa pamene mphamvu ya ndalama ikugwa chaka ndi chaka, kotero munthu wogwira ntchito moyo wake wonse ankalandira mtolo umene pa pepala unkaoneka waukulu koma wosakwanira kumudyetsa ngakhale zaka zochepa. N'chifukwa chake Ghana inasintha thumba lake kukhala la penshoni ya mwezi ndi mwezi mu 1991, pansi pa bungwe la SSNIT, ndipo Zambia inachita chimodzimodzi pamene bungwe la penshoni la NAPSA linayamba ntchito mu 2000. M'mayiko awiri onsewa lero munthu amayenera kupereka miyezi 180 kuti alandire penshoni. Sindikunena kuti njirayi imalephera kulikonse, chifukwa thumba la CPF la ku Singapore, limene linayamba mu 1955, lidakalipo ndipo ndi lolimba, koma kumeneko ndalama ya dziko yakhala yokhazikika, ndipo ngakhale iwowo anadzawonjezera ndondomeko yolipira mwezi ndi mwezi mpaka imfa.

Palinso china chimene munthu wosamala kwambiri sangachithetse. Palibe amene amadziwa tsiku lake. Mukalandira ndalama zonse pa zaka 60, muzigawa pa zaka zingati? Mukazigawa pa zaka 15 ndipo mukhala ndi moyo zaka 30, theka la ukalamba wanu mudzakhala opanda kanthu, pa nthawi imene mphamvu zatha ndipo matenda achuluka. Thumba la anthu ambiri lingathe kuwerengera zimenezi chifukwa ngakhale silidziwa tsiku la munthu mmodzi, limadziwa bwino za gulu lonse.

Kalaliki: Nanga dziko la Chile limene limatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi linachita zotani? Ndinamva kuti kumeneko aliyense ali ndi akaunti yake.

Wowerengera Ndalama: Munamva zoona. Mu 1981, pa nthawi ya ulamuliro wa Augusto Pinochet, Chile inasiya ndondomeko yakale n'kulamula kuti wogwira ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro ake mu akaunti yakeyake, yoyendetsedwa ndi makampani otchedwa AFP, amene amagula masheya ndi ngongole za boma ndi za makampani. Apa ndalama zanu zimasungidwadi m'dzina lanu, ndipo mayiko angapo a ku Latin America ndi kum'mawa kwa Ulaya anatengera chitsanzochi. Ubwino wake unaoneka pa kuchuluka kwa ndalama zosungidwa m'dziko, koma penshoni za anthu ambiri zinatuluka zochepa, makamaka amene ankalowa ndi kutuluka m'ntchito yolembedwa ndiponso amayi. Mu 2008 boma la Michelle Bachelet linawonjezera penshoni yochokera ku msonkho yothandiza osauka, mu 2016 kunachitika zionetsero zazikulu zotsutsa makampani a AFP, ndipo pa nthawi ya mliri wa Covid-19 nyumba ya malamulo inalola anthu katatu kutapa mu akaunti zawo, ambiri n'kuzitsiriza. Kuona kwanga ndi kwakuti akaunti ya munthu payekha siichotsa chiopsezo, imangochisamutsa. M'thumba la onse, misika ikagwa kapena anthu akakhala ndi moyo wautali, katunduyo amagawidwa pakati pa mibadwo, pamene mu akaunti yanu mumasenza nokha.

Namwino: Mwatchula amayi, ndipo ndikufuna tiimepo pang'ono. Mayi amene wasiya ntchito zaka zingapo kuti alere ana kapena kudwazika kholo amakhala ndi mipata m'mbiri yake ya zopereka, kawirikawiri malipiro ake amakhala ocheperapo, ndipo amakhala ndi moyo wautali kuposa mwamuna. Mu akaunti ya payekha zinthu zitatuzi zimamugwera pamodzi, chifukwa ndalama zochepa zimagawidwa pa zaka zambiri. Inshuwalansi ya dziko ingathe kukonza zimenezi ngati lamulo lifuna. Ku Germany kholo lolera mwana wobadwa kuyambira 1992 limawerengeredwa zaka zitatu ngati kuti linkagwira ntchito n'kumapereka, ndipo boma ndi limene limalipira zoperekazo. Ana amenewo ndi amene adzapereke m'thumba mawa, choncho sindikuona kuti ndi mphatso.

Telala: Zonsezi ndazimva, koma zikukhudza anthu okhala ndi abwana ndi pepala la malipiro. Ine ndimadzilemba ndekha, ndalama zimabwera mosiyanasiyana, ndipo palibe wondiwonjezerapo gawo lake. Anthu onga ine, alimi, ogulitsa malonda ndi ogwira maganyu, tili kuti m'ndondomekoyi?

Wophunzira Zamalamulo: Bambo Telala, apa mwafika pa chilema chachikulu cha njira ya Bismarck. Inamangidwa poganizira munthu wa m'fakitale wolandira malipiro okhazikika, ndipo kumene anthu otere ndi ochepa imateteza ochepa. Lipoti la ILO la 2020 mpaka 2022 linapeza kuti 46.9 peresenti yokha ya anthu pa dziko lapansi ndi amene anali ndi chitetezo cha mtundu umodzi kapena kuposerapo, ndipo mu Africa chiwerengerocho chinali 17.4 peresenti. Lipoti lotsatira linasonyeza kuti dziko lapansi lafika pa 52.4 peresenti, kutanthauza kuti pafupifupi theka la anthu lidakali kunja.

Yankho limodzi ndi chithandizo chochokera ku msonkho, chosayang'ana ngati munthu anaperekapo. Maganizo akuti nzika iliyonse itetezedwe anakula kwambiri ndi lipoti la katswiri wa zachuma William Beveridge la mu 1942 ku Britain, ngakhale kuti iye ankafunabe kuti anthu azipereka zopereka zofanana, ndipo chithandizo cha zaumoyo cha NHS, cholipiridwa makamaka ndi msonkho, chinayamba mu 1948. Pa ukalamba, Botswana inayamba kupereka penshoni kwa nzika iliyonse ya zaka 65 mu 1996, Lesotho kwa a zaka 70 mu 2004, ndipo Namibia ndi Mauritius alinso ndi penshoni za aliyense. South Africa imapereka kwa a zaka 60 koma imayamba yaona kaye chuma ndi ndalama zimene munthu amapeza. Mu 2012 ILO inalimbikitsa mayiko kuti akhale ndi chitetezo choyambira chotere kwa aliyense, ndipo inshuwalansi ya zopereka izikhala pamwamba pake.

Wowerengera Ndalama: Yankho lina ndi kufewetsa njira yolowera kwa odzilemba okha. Uruguay ndi Brazil anakonza kuti wamalonda wamng'ono azilipira ndalama imodzi yochepa pa mwezi yophatikiza msonkho ndi zopereka za penshoni, m'malo mwa mafomu ambirimbiri. Rwanda mu 2018 inayambitsa Ejo Heza, ndondomeko yosakakamiza imene munthu amaponyamo pa foni nthawi imene wapeza ndalama, ndipo boma limawonjezerapo kwa opeza zochepa. Komabe ndondomeko zosakakamiza zili ndi vuto lodziwika kulikonse, lakuti ambiri amalembetsa koma opereka mokhazikika amakhala ochepa, chifukwa zofuna za lero zimakhala pafupi kuposa ukalamba. Pa inshuwalansi ya matenda vutoli limakula, popeza odwaladwala ndi amene amathamangira kulowa pamene athanzi amazengereza, ndipo thumba la odwala okhaokha silingayime.

Namwino: Ndili ndi dandaulo limene likukhudza ngakhale olembedwa ntchito. Mchimwene wanga anagwira ntchito pa kampani ina imene inkamudula mwezi uliwonse, koma atapita kukafunsa za mbiri yake anapeza kuti miyezi yambiri ndalamazo sizinafike ku thumba. Zikatero wolakwa ndi wolemba ntchito, koma wovutika ndi wogwira ntchito.

Wophunzira Zamalamulo: Pepani mayi, ndipo vutoli ndi lofala m'mayiko ambiri. Pafupifupi malamulo onse a mtundu umenewu amaika udindo wotumiza zopereka pa wolemba ntchito, ndipo kudula osatumiza ndi mlandu umene umabweretsa chindapusa. Chovuta chimakhala umboni kampani ikatsekedwa. N'chifukwa chake wogwira ntchito ayenera kusunga mapepala ake a malipiro, kudziwa nambala yake ya ku thumba, ndi kupempha chikalata cha zopereka zake chaka ndi chaka osadikira tsiku lopuma, pamene wolemba ntchitoyo mwina sadzapezekanso.

Mphunzitsi Wopuma: Ndipo si olemba ntchito aang'ono okha. Thumba likadali latsopano, opereka amakhala ambiri ndipo olandira ochepa, ndalama zimawunjikana, ndipo mulu umenewo umakopa maso. Boma losowa ndalama limafuna kubwereka motchipa, andale amafuna kuti zimange nyumba zazitali zooneka patali ngakhale zilibe phindu, ndipo zotsatira zake zimadzaoneka patapita zaka 20 kapena 30 pamene osankhawo anachoka kale pa mipando. Chotchinjiriza chimene mayiko ambiri amagwiritsa ntchito ndi bodi yokhala ndi nthumwi za ogwira ntchito, olemba ntchito ndi boma, mabuku a zachuma ofufuzidwa ndi anthu apadera n'kusindikizidwa, komanso kuwerengera kwa akatswiri a masamu a inshuwalansi pakapita zaka zochepa zilizonse, kuti aone ngati zopereka zidzakwanire malonjezo m'zaka makumi angapo zikubwerazo. A Kalaliki, munthu wa zaka 25 amene munamufunsira uja ayenera kufunsa ngati lipoti limeneli lilipo ndipo ngati aliyense angaliwerenge.

Kalaliki: Zikomo bambo. Ndili ndi funso lina laling'ono. Munthu akagwira ntchito zaka 8 m'dziko lina ndi zaka 9 m'dziko linanso, pamene dziko lililonse likufuna zaka 10 kapena 15, ndiye kuti wataya zonse?

Wophunzira Zamalamulo: Popanda pangano pakati pa mayiko awiriwo angathe kutayadi ufulu wa penshoni ya mwezi ndi mwezi, ngakhale kuti matumba ena amabweza ndalama kamodzi kwa amene sanakwanitse miyezi yofunika. Pakakhala pangano, zaka za mbali zonse ziwiri zimaphatikizidwa pofuna kuona ngati munthuyo ali woyenera, ndipo dziko lililonse limalipira gawo lolingana ndi zaka zimene anagwira kumeneko. Mayiko asanu ndi limodzi a ku Ulaya anakhazikitsa malamulo ochitira zimenezi pakati pawo mu 1958, ndipo United States ili ndi mapangano otere ndi mayiko pafupifupi 30. Pa chitsanzo chanucho zaka 17 zikanamuyenereza mbali zonse ziwiri, ndipo akanalandira penshoni ziwiri zazing'ono, iliyonse kuchokera ku thumba lake. Asanachoke m'dziko loyambalo ayenera kutenga chikalata cha zopereka zake ndi kusunga nambala yake, chifukwa thumba lachiwiri lidzazifuna pa nthawi yophatikiza zakazo.